Sabata imodzi mu ofesi ya antchito pa yunivesite ya Katolika

Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito pa yunivesite ina ya Katolika. Ambiri amaganiza kuti ife timangodinda mafomu a tchuthi ndi kuwerengera masiku amene munthu wajomba. Zimenezo zilipo ndithu, ndipo zimatidyera nthawi yambiri. Koma dzina loti "ya Katolika" lili pachipata lija limayesedwa kwambiri mu ofesi ngati yathuyi, makamaka tsiku limene wantchito wamng'ono wapezeka pa mlandu, wamkulu n'kumafuna kuti nkhani ithe dzuwa lisanalowe. Sabata yathayi zoterozo zinachitika.

Lolemba tinalandira antchito atsopano: aphunzitsi angapo, mlembi wa ku laibulale ndi alonda. Tsiku loyamba timawagawira buku la malamulo a antchito n'kudutsa nawo mitu ikuluikulu, monga nthawi yoyesedwa, maola a ntchito, tchuthi, penshoni ndi njira yoperekera dandaulo. Kenako pamabwera mutu umene ku mayunivesite ena kulibe. Chikalata cha Papa John Paul II chotchedwa Ex corde Ecclesiae, chimene chinatuluka pa 15 Ogasiti 1990, chimalamula kuti aphunzitsi ndi oyang'anira onse auzidwe, pa nthawi imene akulembedwa ntchito, kuti sukuluyo ndi ya Katolika ndiponso udindo umene adzausenza chifukwa cha zimenezo. Sitingadikire kuti munthu adzazimve patapita chaka, pamene zinthu zavuta kale.

Mayi wina wodzaphunzitsa sayansi, amene ndi Msilamu, anakweza dzanja. "Pepani amayi, ndikapanda kulowa nawo Misa yotsegulira chaka, mundilemba kuti ndajomba?" Ndinawayankha kuti ayi. Chikalatacho chimasiyanitsa bwino. Mphunzitsi wa Chikatolika akuyenera kukhala wokhulupirika ku chiphunzitso cha Mpingo, pamene wa chipembedzo china, kapena wopanda chipembedzo, akungofunika kuchilemekeza pophunzitsa ndi pofufuza. Kulemekeza sikutanthauza kulowa mpingo. Ndinaona ena awiri amene anali chete akupuma mozama, ndipo ndinadziwa kuti funsolo linali lawonso.

Pali mfundo ina m'chikalata chomwecho imene imatipatsa ntchito: yoti aphunzitsi osakhala Akatolika asachuluke kuposa Akatolika. Koma malamulo a ntchito a mayiko ambiri amaletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo chake. Ife timati, pamene chikhulupiriro chili mbali ya ntchitoyo, tinene poyera m'chilengezo cha ntchito, osati kumabisa m'mitima ya ofunsa mafunso. Mphunzitsi wa zaumulungu ndiye chitsanzo. Lamulo 812 la m'Malamulo a Mpingo a 1983 limafuna kuti iye akhale ndi chilolezo chochokera kwa akuluakulu a Mpingo, chimene kawirikawiri amapereka ndi Ambuye Episkopi. Ofesi yathu siipereka chilolezocho ndipo singachilande. Timangosunga kalata yake mu fayilo.

Lachiwiri m'mawa linali la malipiro. Mafomu a maola owonjezera a alonda anabwera ena osasainidwa, ndipo ndinayenda nawo ndekha kukafuna amene amayenera kusaina, chifukwa akachedwa tsiku lotsekera, munthu amadikira mwezi wathunthu ndalama imene anaigwirira usiku.

Masana ake ndi pamene Bambo, wansembe amene amayang'anira chuma ndi katundu wa sukulu, analowa mu ofesi, nkhope ili gwaa. Mafuta amene galimoto ina inathira m'miyezi yapitayi sakugwirizana ndi maulendo olembedwa m'buku la galimotoyo. Iwo anali atatsimikiza kale mumtima kuti dalaivala akugulitsa mafuta.

"Mayi, mumulembere kalata lero. Mawa ndisamuone pano."

"Bambo, kalata ndilemba, koma yomuitanira ku komiti ya mwambo. Yomuchotsa sindingalembe. Mlandu suola, tiyeni timumve kaye."

Sanakondwe nazo. Anati ndalamazo ndi za makolo amene amavutika kulipirira ana awo, ndipo kusiya wakuba pa ntchito ndi kuwalakwira makolowo. Pamenepo ananena zoona, ndipo sindikuwatenga ngati munthu wankhanza. Ndi wansembe amene amawawidwa mtima ndi ndalama iliyonse yotayika. Koma kukwiya, ngakhale kukhale ndi chifukwa chomveka, si umboni.

Njira imene buku lathu limalamula ndi yosavuta kuimva. Wantchito apatsidwe kalata yonena mlandu wake momveka, ndi masiku ndi ziwerengero zake, osati mawu ongoti "kusakhulupirika". Apatsidwe masiku 5 a ntchito kuti akonzekere, ndipo aone mapepala onse amene komiti idzagwiritse ntchito. Abwere ndi mnzake wa pa ntchito kapena nthumwi ya bungwe la antchito. Wodandaula asakhale m'komiti yoweruza, abwere ngati mboni basi. Chigamulo chilembedwe pamodzi ndi zifukwa zake, ndipo ngati sakukhutira achite apilo kwa munthu amene sanakhudzidwepo ndi nkhaniyo. Ngati n'kofunika kuti ayambe wakhala kunyumba pofufuza, malipiro ake asadulidwe, chifukwa kuimitsidwa kotereku si chilango.

Ena pa sukulu pano amaona ngati zimenezi ndi za boma ndi maloya, zobwera kudzasokoneza banja la Mpingo. Ine ndimakana kwamtuwagalu. Inde, Pangano 158 la 1982 la ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, limanena kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asachotsedwe pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza. Koma Mpingo womwewo unadzimanga nazo. Lamulo 1286 limauza oyang'anira chuma cha Mpingo kuti polemba anthu ntchito atsate mosamalitsa malamulo a ntchito a dziko, ndipo alipire malipiro oyenera, okwanira wantchito ndi banja lake. Lamulo 220 limati palibe amene ali ndi ufulu woipitsa mbiri ya mnzake popanda chifukwa chololedwa. Dalaivala wochotsedwa chifukwa cha kuba satuluka ndi kalata yokha. Amatuluka ndi dzina, ndipo dzinalo limamutsata kulikonse kumene akafunsire ntchito. Nditawakumbutsa Bambo za malamulo awiriwa anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Chabwino Mayi, chitani mwa dongosolo lanulo, koma musachedwe."

Lachitatu ndinamuitana dalaivalayo. Ndi bambo wachikulire amene wakhala pa sukuluyi kuyambira ine ndisanabwere. Anaima pakhomo atagwira chipewa ndi manja awiri mpaka ndinawauza kawiri kuti akhale pampando. Ndinawawerengera kalatayo mzere ndi mzere, chifukwa kalata za mu ofesi zimalembedwa m'chilankhulo chimene chimaopseza ngakhale amene anapita patali ndi sukulu. Atamva zoti akhoza kubwera ndi munthu wowathandiza anafunsa kuti, "Amayi, kodi ndikabwera ndi wa bungwe, Bambo sadzaona ngati ndikulimbana nawo?" Funso limeneli linandikhala mumtima tsiku lonse. Pa malo a ntchito wamba, wantchito amaopa bwana. Pa malo a Mpingo amaopa bwana, n'kuopanso kuti kudziteteza ndi kuchimwa, chifukwa amene akumuimba mlandu ndi yemweyo amene amamupatsa Ukaristia. Ndinawauza kuti Papa John Paul II, m'kalata yake ya 1981 yotchedwa Laborem exercens, analemba kuti mabungwe a antchito ndi ofunika kwambiri pa moyo wa anthu, ndipo zaka 90 zimenezo zisanachitike, mu 1891, Papa Leo XIII anali atavomereza kale ufulu wa antchito wopanga mabungwe awo mu Rerum novarum. Kubwera ndi nthumwi si mwano. Anasaina kuti alandira kalatayo, dzanja likunjenjemera.

Lachinayi lonse ndinali m'mapepala a galimoto ija. Ndinatenga malisiti a mafuta, buku la maulendo ndi kaundula wa alonda a pachipata, n'kumayerekeza tsiku ndi tsiku. Kaundula wa alonda akuonetsa kuti galimotoyo inatulukapo Loweruka ndi Lamulungu kangapo, masiku amene dalaivalayo sanali pa ntchito, ndipo m'buku la maulendo mulibe chilichonse cha masikuwo. Makiyi amakhala mu ofesi imene anthu angapo amalowa. Izi sizikutanthauza kuti dalaivalayo alibe mlandu. Pali masiku ena a pakati pa sabata amene ziwerengero sizikugwirizanabe, ndipo adzayenera kuwafotokoza okha pamaso pa komiti. Ikadzapezeka kuti anagulitsadi mafuta, ndidzalemba kalata yowachotsa, ndipo ndidzailemba ndi mtima woyera, podziwa kuti anamvedwa. Koma tikanawachotsa Lachiwiri lija, palibe amene akanatsegula kaundula wa alonda, ndipo galimoto ikanapitiriza kutuluka Loweruka. Ndinajambula mapepala onse katatu: a komiti, a Bambo ndi a dalaivala. Onse alandira zofanana.

Pakati pa zonsezi anabwera aphunzitsi awiri aganyu, amene amalipidwa pa maola ophunzitsa. Mmodzi wasaina kontirakiti ya temu imodzi mobwerezabwereza kwa zaka zambiri, alibe penshoni, alibe tchuthi cha odwala, ndipo maola amene amachonga mayeso sawerengedwa. Nkhani yawo ndi imene imandipweteka kuposa zonse, chifukwa pamsonkhano ikangotchulidwa, wina amayankha kuti ntchito ya pano ndi utumiki, imafuna kudzipereka. Wansembe kapena sisteri amene anachita malumbiro ali ndi chipani chake chomusamalira akadwala ndi akakalamba. Mphunzitsi amene ali ndi ana alibe zimenezo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2434, amanena kuti kukana kapena kumana munthu malipiro oyenera kungakhale kulakwa kwakukulu, ndipo amawonjezera kuti kungogwirizana kwa mbali ziwiri sikukwanira kuti malipirowo akhale olungama. Choncho mawu oti "anasaina yekha" satimasula. Ndikudziwa kuti ndalama za yunivesite imene imadalira fizi ndi zochepa. Komabe ndalembanso kalata ku komiti ya zachuma yopempha kuti amene aphunzitsa mosalekeza kwa zaka apatsidwe kontirakiti yokhazikika, ngakhale tiyambe ndi ochepa.

Lachisanu kunali msonkhano wa komiti imene ikukonzanso buku la malamulo a antchito. Mbali yokhudza nkhanza ndi kuzunzana pa nkhani za kugonana inadutsa mosavuta. Tinagwirizana kuti wodandaula akhale ndi makomo angapo ogogodapo, kuti asakakamizike kukanena kwa bwana amene mwina ndi yemwe akumuvutitsa, ndiponso kuti wobwezera munthu chifukwa chodandaula akhale ndi mlandu wakewake. Nkhani yokhudza mwana kapena munthu wosatha kudziteteza isathere mu ofesi, ipite kwa apolisi ndi akuluakulu oyenera monga lamulo la dziko likunenera.

Pamene panavuta ndi pa ndime ya khalidwe. Panopa imangoti wantchito akhale ndi "moyo wogwirizana ndi chiphunzitso cha Mpingo". Maziko ake alipo, chifukwa lamulo 810 limafuna kuti aphunzitsi a pa yunivesite ya Katolika akhale odziwa ntchito, a chiphunzitso choona ndi a moyo wolungama, ndipo akapanda kutero achotsedwe. Koma lamulo lomwelo limati kuwachotsako kutsate njira yolembedwa m'malamulo a sukuluyo. Ndime yotambalala chonchi imagwira amene alibe womuyankhulira, n'kulumpha amene ali ndi mpando. Membala wina anapereka chitsanzo cha wantchito wosakwatiwa amene watenga pakati, n'kufunsa ngati ndimeyi ingagwire ntchito pamenepo. Ndinayankha kuti ayi, ndipo ndinapempha kuti zilembedwe. Pangano 183 la ILO la 2000 limaletsa kuchotsa mayi ntchito chifukwa cha pakati, ndipo limaika tchuthi cha uchembere chosachepera masabata 14. Kupatula zimenezo, chilango chotere chimagwera mkazi yekha, chifukwa mwamuna saoneka ndi chizindikiro. Ndipo sukulu imene imaphunzitsa kuti moyo wa mwana wosabadwa ndi wopatulika singamuuze mayi kuti akasunga mwanayo ntchito yatha. Asisteri amene ali m'komitiyo ndi amene anandithandiza kwambiri. Anati, "Tikatero tikhala tikumukankhira mtsikanayo kumene timalalikira kuti asapite."

Sitinamalize. Ena akufuna kuti ndimeyo ikhalebe momwe ilili, poopa kuti kutchula zolakwa chimodzichimodzi kudzasiya mipata. Ine ndi anzanga awiri tikufuna kuti itchule zinthu zokhudza ntchito ndi ophunzira, monga chibwenzi cha mphunzitsi ndi wophunzira wake, kugulitsa malikisi, kapena kunyoza chikhulupiriro cha Mpingo poyera m'kalasi, ndiponso isiyanitse zimene tikuyembekeza kwa mphunzitsi wa zaumulungu ndi zimene tikuyembekeza kwa mlonda. Wapampando anagamula kuti mbali iliyonse ilembe mawu ake, apite kwa loya wa sukulu ndi kwa katswiri wa malamulo a Mpingo, tidzakumanenso mwezi wamawa. Mlandu wa dalaivala ukumvedwa Lachinayi likudzali, ndipo ndapempha kuti mkulu wa alonda adzabwere ndi kaundula wake weniweni, osati wojambula.