Sabata yoyeza njira za njinga m'madambo ndi m'migodi yakale ya ku Limburg

Ntchito yanga ndi yokonza njira za anthu opalasa njinga za gravel, zija zamatayala onenepa pang'ono zimene zimayenda bwino pamsewu wafumbi ndi wamiyala. Kampani imene ndimagwirako imakonza maulendo a magulu, ndipo gulu lisanapite kulikonse ndimayamba ndakapalasako ndekha kuti ndione ngati mzere umene tajambula pakompyuta ulidi njira yodutsika. Sabata yathayi ananditumiza ku Limburg, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa Belgium, kuti ndikalumikize maiwe a ku De Wijers ndi migodi yakale ya malasha ya ku Genk ndi Eisden mu ulendo wa tsiku limodzi.

Lolemba lonse linathera pamapu. Ku Limburg n'kovuta kusochera, chifukwa mphambano za njira za njinga zili ndi manambala: umangolemba manambalawo papepala n'kumatsata zikwangwani. Nzeru imeneyi anabwera nayo ndi Hugo Bollen, injiniya wa m'migodi, ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1995, patapita zaka zitatu chitsekere mgodi womaliza wa ku Zolder mu 1992. Chondivuta ine n'chakuti njira zamanambalazi zambiri ndi zaphula kapena zakonkire, pomwe makasitomala athu amafuna kumva miyala ikulira pansi pa tayala. Choncho manambalawo ndimawasunga ngati potulukira. Wina akadukidwa tcheni kapena akatheratu mphamvu pakati pa nkhalango, wotsogolera gulu ayenera kudziwa nambala yapafupi yomutulutsira kumsewu.

Lachiwiri ndinalawirira kumadambo. De Wijers ili ndi maiwe opitirira 1,000, ndipo ambiri anakonzedwa ndi anthu kalekale kuti aziwetamo nsomba. Pakati pa dziwe ndi dziwe pamadutsa timizere tadothi totchinga madzi, ndipo wokonza njira aliyense akationa pamapu mtima umamukoka. Ku Bokrijk kuli njira yotchuka ya Fietsen door het Water, imene inatsegulidwa mu 2016: mamita 212 odula dziwe pakati, madzi ali uku ndi uku mofanana ndi maso ako. Ndi yakonkire, koma palibe kasitomala amene angatikhululukire titaisiya. Ndinaiika koyambirira kwa ulendo, m'mawa, chifukwa dzuwa likakwera pamadzaza mabanja ndi ana, ndipo m'lifupi mwake ndi mamita atatu okha.

Chigawo chimene chinandikongolera koposa tsiku limenelo ndicho ndinachichotsa. Kanjira kake n'kouma bwino, kokhotakhota m'mphepete mwa bango, ndipo mapulogalamu a pafoni amasonyeza kuti anthu ambiri anadutsapo kale pa njinga. Koma pakhomo pake chikwangwani chimalola oyenda pansi okha. Mapulogalamu aja amangoonetsa pamene anthu anadutsa, sanena ngati kunali kololedwa. M'bango la m'dera limeneli mumaswanirana mbalame yosowa ya mtundu wa akakowa, imene eni dera amaitcha roerdomp, yolira ngati munthu akuuzira pakamwa pa botolo. Wopalasa mmodzi wodutsa mwakachetechete mwina saisokoneza, koma njira ikalowa m'fayilo ya GPS ya kampani, imagawidwa, imakoperedwa, ndipo chaka chamawa pamadutsa anthu amene sitinawaonepo. Ndinazunguliza njirayo kumsewu wa m'minda, wosasangalatsa kwenikweni.

Lachitatu kunagwa mvula usiku wonse mpaka masana, ndipo pantchito yathu tsiku lotere ndi lamtengo wapatali. Ndinabwerera m'zigawo zimene ndinkazikayikira, n'kumalemba pamene madzi akhazikika, pamene matope akumata mabuleki, ndi pamene chithaphwi chabisa mizu. Mchenga umanamiza: ukanyowa umalimba n'kumadutsika bwino, koma ukauma tayala lakutsogolo limamira ndipo wosazolowera amagwa. Pena paliponse pamchenga ndinaikapo chenjezo, ngakhale tsikulo ndinadutsapo osaponda pansi.

Madzi a m'dera lino ali ndi mbiri yawo. Malasha atachotsedwa pansi, nthaka m'malo ena inatsika mamita angapo, timitsinje tina sitinathenso kuyenda tokha, ndipo mpaka lero mapampu amapopa madzi kuti nyumba zisamire. Madambo ena amene wodutsa angaganize kuti ndi achilengedwe anabadwa chifukwa cha mgodi. Ndikaona kanyumba ka pampu m'mbali mwa njira, ndimadziwiratu kuti mvula ikachuluka pamenepo pavuta.

Lachinayi linali tsiku la migodi, ndipo ndilo linanditengera mtima. Malasha a kuno anapezeka mu 1901 ku As, pamene André Dumont anaboola pansi n'kuwafika. Kenako kunatsegulidwa migodi isanu ndi iwiri: Beringen, Zolder, Houthalen, Winterslag, Zwartberg, Waterschei ndi Eisden. Ndinayambira ku Winterslag, mumzinda wa Genk, komwe lero kumatchedwa C-mine, nsanja zake zotsitsira anthu pansi zidakaimabe, n'kudutsa ku Waterschei kulowera ku As ndi m'paki ya Hoge Kempen, imene inatsegulidwa mu 2006. Miyala yobulungira imene umaponda m'pakimu inakokoloka ndi mtsinje wa Maas kalekale, ndipo ndi yabwino kupalasapo mukachepetsako mpweya m'matayala.

Ku Eisden zinthu zimasintha. Kumeneko kuli mapiri opangidwa ndi manja a anthu, otchedwa terril, milu ya miyala yakuda imene inkatayidwa akasankha malasha. Mwala wake ndi wophwanyika, wam'mbali zakuthwa, ndipo umang'amba tayala lopyapyala. M'kalata ya makasitomala ndinalemba kuti asabwere ndi matayala ochepera mamilimita 40. Malo otsetsereka mvula imakumba tingalande, ndiye potsika m'pofunika kusamala kwambiri. Mitengo ndi udzu zamerapo tsopano, ndipo ukafika pamwamba umaona nyanja zimene zinatsala pokumba miyala ndi mchenga.

Patsinde pa mulu wina ndinapeza bambo achikulire akupuma pabenchi. Atafunsa chimene ndinkalemba, ndinawafotokozera, ndipo anandiuza kuti bambo awo anachokera ku Italy kudzagwira ntchito mumgodiwo, ngati mmene ena anachokera ku Poland, Greece, Spain, Turkey ndi Morocco. Sanadandaule za njinga ayi, anangofuna kudziwa ngati anthu amene ndimabweretsa amauzidwa kuti miyala imene akuyendapo inatulutsidwa pansi ndi ndani. Ndinapalasa ulendo wobwerera ndikuganizira zimenezi. M'migodi imeneyi anthu anafa, ena mapapo anawonongeka ndi fumbi, ndipo boma litalengeza zotseka Zwartberg, anthu awiri anaphedwa pa zionetsero mu 1966. Gulu lodutsa pamalo otere maso ali pa liwiro lokha limataya theka la ulendo.

Lachisanu tinakhala pansi ndi bwana wanga. Iwo ankafuna kuti kanjira ka m'bango kaja kabwerere, poti zithunzi zake zikanakopa anthu ambiri, komanso ankaona kuti kuima pamigodi kudzatalikitsa tsiku. Tinakambirana kwa nthawi ndithu. Pa za bango sindinasunthe, ndipo nditawaonetsa chithunzi cha chikwangwani anavomera. Pa za kuima tinagwirizana pakati: gulu lidzaima ku Winterslag ndi pamwamba pa terril ya ku Eisden, ndipo wotsogolera adzakhala ndi tsamba limodzi la mbiri ya malowo, limene ndilembe ndekha. Madzulo ndinatsuka njinga, ndinasintha mabuleki amene mchenga wonyowa unawadya, ndipo ndinatumiza fayilo ya njirayo kwa otsogolera magulu. Zigawo zamchenga ndazilemba kuti zikaonedwenso nyengo ikauma, gulu loyamba lisananyamuke.