Zikomo abale athu a ku Salima, dimba labiriwiranso

Ife a kalabu ya dimba ya m'mphepete mwa Linthipe tabwera kudzathokoza. Madzi a dzinja lapitali anakokolola mabedi athu n'kusiya mchenga wokhawokha pamene panali nthaka yakuda. Koma sabata ino anzathu atsopano, ena oti anali asanafesepo nazale chibadwire, athyola ndiwo zawo zoyamba.

A mfumu, zikomo potiloza malo okwererapo. A alangizi, zikomo chifukwa chopalasa njinga padzuwa la kuno kudzayeza nafe mabedi. Inu abambo a makola a ng'ombe ndi mbuzi amene munatilola kuwola manyowa osatilipiritsa, inu eni ngolo, inu amayi ogulitsa ndiwo pa Kamuzu Road amene mwayamba kale kutipikula, tathokoza kuchokera pansi pa mtima. Agogo aakazi amene munamasula kansalu ka mbewu za bonongwe ndi khobwe, Mulungu akuonjezereni masiku.

Kupatsa n'kuika. Ambiri mwakhala mukutifunsa kuti woyamba kumene adzale chiyani, ndiye landirani yankho ngati mphatso yathu.

Musayambe ndi tomato kapena kabichi. Tomato amafuna mitengo yoyedzamira, kuphata nthambi ndi mankhwala pafupipafupi, ndipo mbozi ya tuta imatha kuwononga munda wonse mlimi akuona. Yambani ndi mpiru, repu kapena chinizi nyengo yozizira, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Kukayamba kutentha, gwirani bonongwe, chitambe ndi therere lobala, poti izi sizigonja ndi dzuwa la Okutobala. Mpiru wofesa mochedwa umathamangira maluwa, masamba n'kuchepa n'kumawawa.

Bedi likhale la mita imodzi m'lifupi kuti dzanja lifike pakati osapondamo, ndipo mamita 5 m'litali akwana. Chilimwe likhale lolowa pansi pang'ono kuti madzi akhazikike, dzinja likhale lokwera. Thirani ndowa zitatu za malita 20 za manyowa owolerana bwino, musakanize ndi dothi mpaka kuya kwa khasu. Manyowa okhwima amakhala akuda, ofumbutuka m'manja, osatentha, osanunkha khola. Aawisi amaotcha mizu ndipo amabwera ndi njere za udzu. Pa mchenga wathuwu musaumire manyowa, chifukwa ndi amene amagwira madzi.

Pa nazale ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Lembani timizere ndi chala, totalikirana masentimita 15, takuya sentimita imodzi yokha. Fesani mopatulira, kwirirani pang'ono, phimbani ndi udzu wouma wopanda njere n'kuthirira pamwamba pa udzuwo. Pakatha masiku 4 mpaka 7 muziyang'ana m'mawa uliwonse. Zikangotumphuka, chotsani udzuwo muukweze pa kathandala kofika m'mawondo. Mukachedwa tsiku limodzi kapena awiri, mbande zimatalika ngati ulusi, zoyezuka, zosalimba. Mukaona mbande zikugwa, tsinde litaonda ndi kuda pamene lakhudza dothi, dziwani kuti mwafesa mothithikana kapena mwachulutsa madzi madzulo. Patulirani, chepetsani madzi, lolani mphepo ipite.

Wokerani pakatha masabata atatu kapena anayi, mbande zili ndi masamba anayi. Thirirani nazale kaye kuti mbande izuke ndi dothi lake, ndipo ntchitoyi ichitike madzulo. Mizere italikirane masentimita 45, mapando masentimita 30. Pakatha masabata ena atatu kapena anayi mwayamba kuthyola. Thyolani masamba akunsi, awiri kapena atatu pa tsinde, mtima musiye.

Bonongwe safuna nazale. Njere zake n'zazing'ono kwambiri, choncho sakanizani supuni imodzi ndi masupuni khumi a mchenga wouma musanawaze, apo ayi amera mulu pamalo amodzi. Pakatha masabata atatu kapena anayi zulani ena mukadye, otsalawo muzidula nsonga kuti aphukire. Chitambe n'kungodzala khobwe ziwiri pa phando. Therere viikani m'madzi usiku umodzi, dzalani ziwiri pa phando, masentimita 30 m'mzere ndi 60 pakati pa mizere. Limayamba kubala patatha pafupifupi miyezi iwiri, ndipo muzithyola masiku awiri kapena atatu alionse. Lokhwimira mumtengo ndi chikuni, komanso limaletsa mtengo kubala lina.

Bedi la mamita 5 lija limamwa makheni awiri a malita 10 m'mawa ndi awiri madzulo kukatentha. Phimbirani ndi udzu pakati pa mizere. Nthawi ya mwera mangani mpanda wa udzu kapena mapesi mbali imene mphepo ikuchokera, ukuthandizaninso pa mbuzi ndi nkhuku.

Masamba a mpiru kapena repu akayamba kupindika, atembenuzeni, mupeza nsabwe zitaunjikana kunsi. Mitengo ya nimu kuno siisowa. Sinjani kilogalamu imodzi ya masamba ake, viikani m'malita 5 a madzi usiku wonse, sefani ndi nsalu, sungunulanimo kasopo pang'ono, muwaze kunsi kwa masamba dzuwa litapendeka. Bwerezani sabata iliyonse, ndipo ndiwozo muzitsuka bwino chifukwa nimu amawawa. Therere likamafota masana chonsecho mwathirira, zulani limodzi muone mizu. Ikakhala ndi timatuza ngati mikanda, ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timakonda mchenga wotentha. Pamenepo musabwerezepo therere, tomato kapena mabilinganya, dzalanipo chimanga kapena anyezi.

Mbewu za bonongwe ndi khobwe zija tasiya mabedi awiri kuti zikhwime. Agogo adzalandira zawo poyamba, zotsalazo tidzagawira aliyense wobwera ndi kabotolo kouma kokhala ndi chotsekera.