Vinyo wolavula ndi nsima ya ku Bardolino

Tsiku lachinayi la ulendo wathu wa ku nyanja ya Garda, ku Italy, basi inatitsitsa pamunda wa mphesa kumtunda kwa tauni ya Bardolino. M'basimo wakuda ndinali ndekha, wosakwana zaka 60 ndinalinso ndekha. Enawo anali agogo a ku England opuma pantchito, oti mpando umene anakhalapo tsiku lonyamuka ku Leeds ankauteteza ngati munda wa makolo.

Mwini munda anatitsikitsira m'chipinda chapansi chozizira, chodzaza migolo yamatabwa, n'kutindandalikira matambula anayi aliyense. Tinayamba ndi Lugana, vinyo woyera wa kumwera kwa nyanjayi. Kenako Chiaretto wofiirira pang'ono, kenako Bardolino mwini wake, wofiira, wa mphesa za Corvina ndi Rondinella. Wotsiriza anali Amarone wa ku Valpolicella, kufupi ndi Verona. Ameneyu mphesa zake amayamba aziyanika miyezi itatu kapena inayi mpaka zitafota, ndiye ukali wake umafika 15 kapena 16 peresenti. Bamboyo ankafotokoza zimenezi ine nditagugudiza kale tambula.

Pakati patebulo panali kandowa kachitsulo. Ine ndimati n'koikamo maluwa. Ndinangoona mayi amene ndinkakhala nawo mpando umodzi akuzunguza vinyo m'tambula, kununkhiza, kupsontha, kuchukucha m'kamwa, kenako lavu! m'kandowa muja. Ndinasowa chonena. Talipira ma euro 15 kuti tidzalavule? Kwathu ku Nkhotakota kulavula mowa pamaso pa amene wafulula, nkhani yake ikhoza kukathera kwa anyakwawa. Ine ndinameza zonse, mpaka Amarone wa mayi aja amene anandikankhira poti ali pa mankhwala a BP.

Chonsecho m'mimba munalibe kanthu. Kadzutsa wa kuhotelo anali kabanzi ndi kakhofi kosadzaza n'chikhatho chomwe. Pokwera masitepe kutuluka, miyendo inayamba kundikana. Ndinakakhala pabenchi patsinde pa mtengo wa olivi, anzanga ali kalikiliki kugula mabotolo.

Gogo wina wovala epuloni, ndiyesa mayi ake a mwini mundayo, anandiyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kulowa m'nyumba. Potuluka anali ndi mbale: mtanda wachikasu ndi nsomba ya m'nyanja momwemo yophikira mafuta a olivi. "Polenta," anatero akuloza. Abale inu, inali nsima. Ya chimanga chachikasu, yokhakhala ngati mgaiwa, kungoti iwo amathiramo mchere. Foloko ndinaikankhira pambali, kusamba m'manja pampopi wapanja, n'kutema mbamu. Gogoyo anaseka mpaka kugwira pachifuwa, n'kuitana mdzukulu wake kuti adzaone malodza. Chingerezi sankachimva, Chitaliyana changa chimathera pa "grazie" (zikomo), koma anandipakuliranso kachiwiri. Nditatulutsa ma euro 10, anandimenya kadzanja n'kundibwezera m'thumba.

Za nyanjayo, ndinene chilungamo. Garda ndi nyanja yaikulu kuposa zonse ku Italy, koma kutalika kwake ndi makilomita 52 okha. Ukaima ku Malcesine umaziona bwinobwino nyumba za ku Limone tsidya lina. Wotitsogolera atati "nyanja yaikulu", ndinangoti duu, poti yathu ija imapitirira makilomita 560. Komabe mapiri ake ndi ogometsa, amachita kugwera m'madzi mwenimweni. Kumpoto, chakumasana kumayamba mphepo yochokera kumwera imene amaitcha Ora, ndipo inandikumbutsa mwera, kungoti uko m'malo mothawitsa mabwato, achinyamata amathamangira m'madzi ndi mabwato a matanga.

Chondinyansa pa maulendo a basi ndi wotchi. Ku Sirmione, tauni ya kumwera kwa nyanjayi, kuli linga lakale la banja la Scaligeri lozunguliridwa ndi madzi, ndipo kunsonga kwa tauniyo kuli mabwinja a nyumba yachiroma otchedwa Grotte di Catullo. Anatipatsa ola limodzi ndi theka, ndipo gawo lina linathera pamzere wa kuchimbudzi, cholipira euro imodzi. Mabwinjawo sindinakafikeko. Komanso muwerengetse bwino kapepala ka ulendo: Venice ndi Verona zinali zolipira padera, ine ndinadziwira m'basi. Amene muli ndi pasipoti ya Malawi musaiwale viza ya Schengen yolowera ku Italy, ma euro 90, ndipo mufunsire kudakali miyezi. Khofi imwani chiimirire pakauntala, mukakhala pansi moyang'ana nyanja mtengo umakwera.

Ndinabwera ndi botolo limodzi la Chiaretto ndi paketi ya ufa wa polenta. Ufawo ndinaphika Lamlungu, wopanda mchere, ndi usipa umene achemwali ananditumizira. Ana anaukana, ati nsima yachikasu ndi ya nthawi ya njala, ngakhale njalayo sanaionepo.