Mmene ndinatsitsira makilo 12, ine munthu wothawa masamba

Ine kuyambira ndili mwana ndinali wovuta pa nkhani ya ndiwo, kwathu amandidziwa. Amayi akaphika nkhwani ndinkadyera nsima mchere kapena tiyi, akaphika therere nde ndinkachoka pamphasa pomwepo, kungoona mmene likunandira kuchoka m'mbale mpaka kukamwa kwa munthu mseru unkachita kundifika pakhosi. Anandikwapulapo, anandinyengererapo, agogo mpaka ananena kuti mwana uyu nkhuli yake ndi ya fisi, koma palibe chinasintha. Ndakula choncho, kukwatira, ana awiri, zaka 38, ndiwo zanga zili zomwezo: nyama, nkhuku, mazira okazinga, soseji, nyemba pena pena zikakhala kuti mafuta akuyandama pamwamba. Nsomba ndinkadya chambo basi, chokazinga mpaka chiume gwa.

Tsiku langa linkayenda chonchi. M'mawa tiyi wa masupuni anayi a shuga, pa siteji mandasi atatu otentha aja a mu nyuzi. Lanchi pachiwaya ku Limbe, tchipisi ndi chiwalo cha nkhuku, nde anyamata aja anali atandizolowera moti akangondiona ankakuwa okha kuti "abiggy awa kabichi musathire!" Kutsitsira softi wozizira. Folo koloko tiyi wina ku ofesi. Usiku mitanda inayi ya ufa woyera. Ndipo ndinkadziona ngati munthu wosadya kwambiri, poti mbale ya masamba sindinkaikhudza eti.

Chinandipititsa ku chipatala ndi mutu. Unkandiwawa chakumbuyo kuno m'mawa uliwonse, panado osathandiza. Anesi anandiyeza bipi, 150 pa 95. Anati ndikhale kaye phee mphindi zingapo, kuyezanso, zomwezo. Kukwera pa sikelo, makilo 96, msinkhu wanga ndi mita imodzi ndi masentimita 70. Anawerengera pa foni pawo nkundiuza kuti BMI yanga, nambala yoyerekeza kulemera kwa thupi ndi msinkhu, ndi 33, kuti ikadutsa 25 thupi lapitirira muyezo, ikafika 30 nde kunenepa kwake kwa matenda. Anali mayi wachikulire, wosanyengerera, anangoloza mimba yanga ndi bolopeni nkuti "bambo, iyi si mimba ya ubwana ayi, iyi ikupititsani." Anandiuza kuti ndibwerenso kangapo kudzayezetsa, ndipo bipi ikapanda kutsika pakatha miyezi itatu ndiyamba mapilitsi a tsiku ndi tsiku.

Mantha anandichititsa zopusa kaye. Ndinalowa pa Facebook nkutola malangizo onse amene ndinapeza, madzi otentha a ndimu m'mawa, kusiyiratu nsima, saladi wa letesi ndi nkhaka usiku. Munthu woti kabichi wa pachiwaya amamukana, ati ayambe ndi letesi! Ndinapirira masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi cha m'ma 8 usiku ndinapezeka ndaima pachiwaya cha kufupi ndi kwathu ndikudya tchipisi cha mbale ziwiri ngati wothawa ku ndende, mafuta ali chuchuchu m'zala. Akazi anga atamva fungo sananene kanthu, anangoseka chamumtima nkundiikira madzi osamba.

Nde ndinaganiza kuti masamba ndiwasiye kaye, ndiyambe ndi zomwe sizikufuna kuti ndilawe chinthu chachilendo. Choyamba shuga. Ndinakhala pansi kuwerenga: makapu awiri a tiyi, masupuni 8. Botolo la softi la 300ml, ambiri mwa iwo muli shuga wokwana masupuni pafupifupi 8. Onse pamodzi 16, osawerengera sikwashi wa wikendi. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 50 a shuga wothira patsiku, omwe ndi timasupuni ta tiyi pafupifupi 12, ndipo amati bola kutsika mpaka theka lake. Sindinadule kamodzi. Sabata yoyamba masupuni atatu, patapita masabata awiri ndinafika pa awiri, kenako imodzi. Tiyi ankakoma ngati madzi otsukira mbale kwa masiku ngati anayi, kenako lilime linkazolowera lokha. Pano munthu akandithirira masupuni anayi sinditha kumaliza kapu. Softi ndinamusiyira Lamulungu lokha, masiku ena madzi, ndinagula botolo langa loyenda nalo.

Chachiwiri mafuta. Apa mpamene ndinadabwa, supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi ma calorie (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 120, ndipo kwathu tinkangothira kuchokera m'botolo osayeza, kuuu, mpaka anyezi asambire. Tinagwirizana kuti pa poto aliyense supuni imodzi kapena ziwiri basi. Nkhuku m'malo mokazinga tinayamba kuwotcha pa mbaula kapena kuphika ya msuzi. Malita awiri amafuta omwe ankatha pa masabata awiri anayamba kutha mwezi, nde ndi mmene mafuta akwerera mtengo akazi anga anakhala oyamba kuikonda pulogalamu imeneyi. Mchere nawonso, muyezo wake ndi osafika magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza bwino, kuphatikiza wa mu ndiwo ndi wa mu timakyubu tokometsera tija. Kambale ka mchere kanachoka patebulo.

Nsima sindinasiye ndipo sindidzasiya, amene amanena zosiya nsima akanene kwina. Ndinangotsitsa mitanda kuchoka pa inayi kufika pa itatu, kenako iwiri. Mgaiwa poyamba unkandikanda kukhosi, nde tinayamba ndi kusakaniza, hafu woyera hafu mgaiwa, mpaka woyera uja anatha yekha. Musanamizidwe kuti mgaiwa sunenepetsa, mphamvu yake ndi pafupifupi yomweyo, kungoti gaga uja sanachotsedwe nde umakhalitsa m'mimba, njala siibwera msanga. Mukadya mitanda isanu ya mgaiwa mimba ikula basi.

Ndi zitatu zokhazi mwezi woyamba ndinatsika makilo atatu, tsamba olo limodzi ndisanadye. Koma panabuka vuto, mbale inkaoneka yopanda kanthu. Mitanda iwiri ndi kachidutswa ka nkhuku, 10 koloko usiku m'mimba mukulira. Apa mpamene ndinamvetsa ntchito ya masamba, kuti pambali pa mavitamini amene timauzidwa ku sukulu aja, amadzaza mimba popanda kunenepetsa. Kunalibe kothawira.

Anesi aja nditabwerera anandifunsa funso lomwe palibe anandifunsapo moyo wanga wonse. "Kodi pa masambapo chimene mumadana nacho nchiyani kwenikweni, kuwawa, fungo, kapena mmene amamvekera m'kamwa?" Ndinakhala kaye chete. Nditaganiza bwino ndinapeza kuti si kakomedwe ayi, ndi kufewa kuja. Kwathu masamba ankaphikidwa ndi soda kapena chidulo mpaka asanduke phala lobiriwira, loterera, ukaika m'kamwa sudziwa kuti utafune kapena umeze. Chinthu chilichonse choterera kapena chonanda ine thupi limangochikana. Anesi anati soda yemweyo amaononganso mavitamini ena m'masamba, nde kumusiya nkupindula kawiri. Anatinso lilime limaphunzira, chakudya chatsopano munthu umayenera kuchilawa kakhumi kapena kupitirira usanagamule kuti sumachikonda, ndipo si ana okha.

Madzulo ake akazi anga anatenga repu, kumudula mopyapyala ngati fodya, poto atatentha kale, kasupuni ka mafuta, anyezi, tomato mmodzi, repu uja kungomutembenuza mphindi zitatu kapena zinayi nkuphula akadali wobiriwira bwino. Anandiikira supuni imodzi yokha pambali pa mbale, ana onse maso ali pa ine ngati ndikumwa mankhwala a malungo. Ndinaphatikiza ndi nyama pa mbamu imodzi kuti ndisamumve kwambiri. Anali wokhukhuta pang'ono pa mano, osati phala lija. Sindinganame kuti ndinamukonda, koma anadutsa pakhosi osabwerera, ndipo kwa ine chimenecho chinali chachikulu.

Lamulo linakhala lomwelo, supuni imodzi tsiku lililonse, mbamu yoyamba njala ikadali yoopsa, chifukwa ukasiyira kumapeto utakhuta sungadye. Repu anatenga masabata awiri kuti ndifike podzitengera ndekha. Kenako chainizi, kenako kabichi wokazinga pang'ono. Mpiru unandivuta kaamba ka kuwawa kuja mpaka tinayesa wotendera. Koma abale nsinjiro! Ine mtedza ndimaukonda kuyambira kale, nde kupeza kuti nkhwani wotendera amakoma mtedza mtedza ndinadzimvera chisoni zaka zonse zija ndinkadyera nsima mchere. Chinsinsi chake kwa ine nchakuti asafewetse kwambiri ndipo nsinjiro zipse bwino. Kungoti nsinjiro nazo zili ndi mafuta ake, nde mukatendera musathirenso mafuta ena.

Zina tinkachita kubisa ngati mmene amachitira ndi mwana wa ku mkaka. Karoti wopala pa gireta kulowa mu nyemba, amasungunukira momwemo osaoneka. Bonongwe wodula tinthu ting'onoting'ono kulowa m'mazira. Ndinkadziwa kuti alimo, koma poti maso sakuona tsamba lalitali, pakhosi sipankatseka. Usipa vuto linali mitu ndi timaso tija, nde timadula mitu, kuukazinga kaye pa poto wouma kuti ukhale wokhukhuta, kenako tomato. Pano ndimadya kawiri pa sabata.

Si zonse zinatheka. Chisoso ndinachilawa ka 12, ndinkachita kulemba pa kalendala, fungo lake lija mpaka lero ayi. Mapapaya chimodzimodzi. Mabiringanya ndinalawa kawiri nkugonja. Ndinaona kuti palibe chifukwa cholimbana ndi chilichonse, pa magulu 6 a zakudya amene a zaumoyo amatiphunzitsa kuno, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi mafuta, chofunika nchakuti gulu lililonse ndipezemo zinthu zitatu kapena zinayi zoti ndizidya osakwinya nkhope. A WHO amati masamba ndi zipatso pamodzi zifike magalamu 400 patsiku, ndipo mbatata ndi chinangwa siziwerengedwa, ndinayesa kutsutsa kuti tchipisi nayenso ndi chomera koma anesi sanaseke nkomwe.

Zipatso zinali zosavuta, nthochi m'malo mwa mandasi, magwafa, manachesi nthawi yozizira, nanazi. Koma nyengo ya mango inandipusitsa, ndinkadya olo khumi patsiku ndikumati nzachilengedwe izi, sikelo inangoima mwezi wonse wa Disembala. Kuonjezera Khirisimasi ndi maukwati awiri, mpunga wa Kilombero uja fungo lake lokha umaiwala malamulo onse, Januwale ndinapezeka ndabwezera makilo awiri. Ndinakhumudwa sabata yathunthu, kenako ndinangoyambiranso pomwe ndinasiyira.

Lanchi ndiye inafuna kulimba mtima chifukwa cha anzanga. Ndinayamba kunyamula kontena, mbatata yophika ya chikasu mkati ija, dzira lowiritsa, kapena zotsala za usiku. Masabata oyamba ankandiseka kuti aise akulanda salale kunyumba eti. Chiwaya ndinachisiyira Lachisanu, mbale yaing'ono, ndipo tsiku lomwe ndinauza mnyamata uja kuti athire kabichi anaima ndi chipande m'manja kundiyang'ana ngati ndalankhula Chitchaina.

Zolimbitsa thupi sindichulukitsapo mawu, jimu ndalama yake ndilibe. Ndimatsika minibasi siteji ziwiri ndisanafike nkuyenda mphindi 30, masiku asanu pa sabata, zomwe zimakwana mphindi 150 zija amalimbikitsa a zaumoyo. Nthawi ya chiperoni ulesi umandigwira, pena ndimajomba.

Chomwe sindinakonzekere ndi pakamwa pa anthu. Kuno munthu ukanenepa ndiye kuti zako zikuyenda, ukayamba kutsika anthu amayamba kunong'onezana. Wina ku tchalitchi anandikokera pambali nkundifunsa motsitsa mawu kuti "achimwene, mwakayezetsa koma?" Wina anafalitsa zoti ntchito yanditha. Telala amene ndinamupatsa mathalauza atatu kuti abweze m'chiuno anandiyang'ana mwachisoni mpaka ananditsitsira mtengo, imeneyo sindinakane.

Patha miyezi 10, ndili pa makilo 84. Si liwiro loti nkudzitama nalo, amati theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata ndiye kutsika kwabwino, ine ndinali pansi pa pamenepo. BMI ili pa 29, ndikadali wonenepa ndithu, koma bipi ulendo watha inali 132 pa 84 ndipo mutu uja unasiya. Mapilitsi sanandiyambitse, angoti ndizipita kukayezetsa mwezi ndi mwezi. Lamba ndaboola mabowo awiri atsopano ndi msomali.

Mwezi watha tinapita kumudzi kukaona amayi. Atangondiona anagwira pakamwa, nkutembenukira kwa akazi anga, "apongozi, mwana wangayu mukumumana chakudya?" Tinafotokoza zonse, sanakhutire, anapha nkhuku. Pa nthawi ya kudya ndinatambasula dzanja nkutapa nkhwani wotendera, kawiri, katatu, amayi anasiya kutafuna kumangondiyang'ana. Kenako mwakachetechete anakankhira kwa ine kambale kena kamene kanali kumbali kwawo. Kuvundukula, therere. Ndinakabweza.