Thabwa la mfuti ya amalume

Lachitatu, Nkhotakota

Lero sindinatsegule shopu. Zitseko ndi mafelemu a eni ake zidikira kaye. M'mamawa ndinalongedza m'chikwama tizizulo tanga tating'onoting'ono, sandipepala, guluu wolimba wa Pratley, polishi wa nsapato wopanda mtundu ndi kachidutswa ka mlombwa, n'kukwera minibasi ya ku Dwangwa. Ndinatsika tisanafike pa mlatho wa Bua, kwinako ndinamaliza pa kabaza. Mwera unali ukukuntha ndithu, ndipo ine ndinakondwa nawo, chifukwa ntchito ya lero, yokonza thabwa la mfuti ya amalume, imafuna nyengo youma ngati ino.

Amalume ali ndi mfuti ya Brno ya zipolopolo za mtundu wa .30-06, ya ku Czechoslovakia, imene anaigula ine ndili mwana. Ndinene msanga, poti ena mufunsa: mapepala ake a ku polisi ndi okwanira, ndipo mfutiyo sinapondeko m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Mmenemo muli njovu pafupifupi 500 zimene a African Parks, bungwe loyang'anira nkhalangoyi, anazisamutsa kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, ndipo lamulo la nyama zakutchire chisinthireni mu 2017 munthu akhoza kukaseweza mpaka zaka 30 chifukwa cha nyama zotetezedwa kwambiri. Mdani wa amalume ndi nguluwe zimene zimafukula chinangwa usiku. Kuno chinangwa ndiye nsima. Nthawi zambiri amangoziopseza, koma ikavuta imodzi n'kuiwombera, amakanena kwa a zanyama zakutchire. Ndiye chifukwa chake ntchitoyi ndinakagwirira kwawo. Mfuti isachoke pakhomo pa mwini wake, ine ndi mmisiri wa matabwa chabe.

Dandaulo lawo linayamba dzinja lathali. Anawombera nguluwe pafupi ndithu, atatsamiritsa mfuti bwinobwino, koma chipolopolo chinakaigwira m'mimba m'malo mwa paphewa. Inathawa ikukhetsa magazi n'kulowa m'bango. Masiku otsatira ana analetsedwa kupita kudambo, chifukwa nguluwe yovulala siopa munthu, ndipo galu amene anailondola anabwerako mwendo utang'ambika. Amalume zinawapweteka kwambiri. Anayamba kunena kuti maso awo atha, mwina nthawi yokabweza mfuti ku boma yakwana. Koma atandifotokozera bwino ndinamva china. Mfuti imene anaikonza mu Okutobala n'kumalasa pakati penipeni, pofika Febuluwale inkaponya m'mwamba chakumanja. Mvula itatha inayamba kubwerera yokha. Maso a munthu sasintha ndi nyengo motero. Thabwa ndi limene limatero.

Ndinawapeza atayala mkeka pakhonde. Anachotsa okha chitsulo chotsekera chipolopolo, n'kundionetsa kuti m'kati mulibe kanthu, kenaka anakachitsekera m'bokosi limodzi ndi zipolopolo. Atabwera ndinapempha ndalama ya pepala. Ndinaikulunga pansi pa paipi ya mfuti n'kumaikokera chakumbuyo, pakati pa chitsulo ndi thabwa. Sinayende n'komwe, inakakamira kutsogolo komweko mbali ya kumanzere.

"Mwaona, amalume? Thabwa likukankha paipi."

"Kankhani kakang'ono ngati kameneko, mphwanga, kangaphonyetse nguluwe yathunthu?"

Ndinawalembera pansi ndi kamtengo. Paipi ya mfutiyi ndi yotalika pafupifupi masentimita 60. Kamwa lake likapatuka ndi milimita imodzi yokha, pa mtunda wa mamita 100 chipolopolo chimakagwa pafupifupi masentimita 17 kutali ndi pamene munaloza. Tsono iwo anaikapo galasi loonera patali, ndipo galasilo limamangidwa kumbuyo, pa thupi la mfuti. Paipi ikakankhidwa kutsogoloku, galasi limangoonetsabe pomwe paja. Munthu amaloza bwino, amakhethemula bwino, koma chipolopolo chimapita kwina.

Pali chinanso chimene diso silingaone. Mfuti ikalira, paipi imanjenjemera, ndipo chipolopolo chimatuluka paipiyo ikadanjenjemera. Ngati kunjenjemerako kuli kofanana nthawi zonse, zipolopolo zimagwera pamodzi. Koma thabwa likamaigwira mwamphamvu lero, mawa mofooka, kutengera chinyontho cha mumpweya kapena kutentha kwa chitsulo, kunjenjemera kumasintha, zipolopolo n'kumamwazikana. Ife a m'mbali mwa nyanja timalidziwa bwino khalidwe la thabwa. Chitseko chimene chimatsekeka bwino m'chilimwe, dzinja likafika mumachita kuchikankha ndi phewa. Thabwa la mfuti limamwa chinyontho chomwecho, ndipo la amalume m'kati mwake simunapakidwepo kanthu chichokereni ku fakitale.

Titamasula mabawuti n'kulekanitsa chitsulo ndi thabwa, tinapeza vuto lachiwiri pomwe ndinkaliyembekezera. Amalume amaikonda mfuti yawo, ndiye kwa zaka zonsezi akhala akuithira oyilo wambiri n'kuiimika pakona, thako pansi. Oyiloyo ankatsetsereka n'kulowa m'thabwa pamene pamakhala mabawuti. Thabwa lomwa oyilo limafewa. Ukamanga bawuti limangophwanyika pang'onopang'ono, bawuti n'kukhwefukanso. Sabata yatha ndinawatumizira uthenga kuti apake ufa wa choko wosakaniza ndi sipiriti m'katimo n'kumaliika padzuwa kuti oyilo atuluke, ndipo anachitadi mokhulupirika. Komabe panali pena pakuda, pofewa, pamene chikhadabo chinkalowa. Pamenepo ndinasema ndi chizulo mpaka kufika pa thabwa lolimba, makamaka kumbuyo kwa kachitsulo kamene kamatsamira thabwa mfuti ikamakankha. Mphamvu yonse ya .30-06 imathera pa kamalo kameneko. Pakakhala mpata, thupi la mfuti limasuntha pang'ono nthawi iliyonse ikalira, ndipo silibwerera pamalo amodzi. Ndinapezanso kamng'alu kowonda kuyambira pa bawuti ya kumbuyo kulowera pogwirira dzanja. Ndinakatsegula pang'ono, n'kulowetsamo guluu, n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga.

Ntchito imene inadya m'mawa wonse ndi ya ngalande yogonamo paipi. Ndinayatsa koloboyi n'kudetsa pansi pa paipi ndi mwaye wake. Ukabwezera chitsulo m'thabwa n'kuchichotsanso, paliponse pamene zikukhudzana pamatsala chidindo chakuda. Umapala pakudapo pokha, ndi sandipepala wokulunga pa kamtengo kobulungira, kenaka kudetsanso, kubwezeranso, kuyang'ananso. Palibe chidule. Ukathamanga umapala mbali imodzi mopitirira, mpata n'kuoneka wokhota, ndipo thabwa lopalidwa silibwerera. Amalume anakhala pambali panga nthawi yonseyi atagwira koloboyi, osayankhula zambiri. Pomwe dzuwa limafika pamutu, ndalama ija inkadutsa momasuka kuchokera kutsogolo mpaka pafupi ndi thupi la mfuti. Ndinaipinda pawiri, inadutsabe. Ndinawonjezera mpata pang'ono kuposa pamenepo, poganizira kuti ino ndi nthawi imene thabwa lauma kwambiri, ndipo mu Januwale lidzafufuma.

Masana mayi anatipatsa kondowole wa utaka ndi chigwada. Tikudya, mwana wa amalume amene ali ku Johannesburg anaimba pa WhatsApp. Maganizo ake ndi akuti tikutaya nthawi, iye akhoza kugula thabwa la pulasitiki kumeneko, la masiku ano, losamva mvula. Sindinamutsutse kotheratu. La pulasitiki labwino, lokhala ndi aluminiyamu m'kati, chinyontho sichilisuntha, ndipo munthu wogula mfuti yatsopano kuno kunyanja ndikhoza kumulangiza limenelo. Koma otchipa aja ndi ofewa kutsogolo, ukatsamiritsa pa mtengo amapindika n'kukhudza paipi, vuto lomwe lija. Abwinowo mtengo wake ndi wa ma rand ambiri, ndipo kupeza lokwana pa Brno yakale si nkhani yapafupi. Thabwa limene lilipoli ndi la walnut, lolimba, mizere yake yoyenda molunjika pogwirira dzanja monga zimafunikira. Linkangosowa kulikhazika bwino ndi kulitseka kuti lisamwe madzi. Amalume anangoti, "Iyi ndinaizolowera paphewa," nkhani n'kuthera pomwepo.

Mawu amenewo anandikumbutsa kuti ndiwaone mmene amaigwirira. Tinalumikiza mfuti mongoyembekezera, ndinawauza kuti atsinzine, aikweze paphewa monga amachitira kumunda, kenaka atsegule maso. Atatsegula, diso linali pansi pa galasi. Anachita kudzutsa mutu kuti aone, tsaya n'kusiyana ndi thabwa. Mfutiyi inapangidwira kuloza ndi tizitsulo ta pamwamba pa paipi, ndiye msana wa thabwa lake ndi wotsika. Galasi linakweza poonera, koma potsamira tsaya panatsala pomwe paja. Mutu wolendewera sukhala malo amodzi kawiri, makamaka usiku munthu atatopa ndi kudikirira. Apa m'pamene kachidutswa ka mlombwa kanagwira ntchito. Ndinakadula kuchokera ku chitseko chakale chimene chinaphwasulidwa, chifukwa mlombwa wabwino wasowa masiku ano, ndipo mwa mitengo yathu yonse ndi umene sufufuma kapena kunyala kwambiri nyengo ikasintha. Ndinakasema kuti kagone pamsana pa thabwa, tinkayesa n'kumapala mpaka diso linkafikira pakati pa galasi iwo asanasunthe mutu. Mawa ndidzakakuta ndi chikopa chomanga ndi zingwe, kuti thabwa la eni ake lisabooledwe. Kutalika kuchokera pa chokhethemulira mpaka kuthako ndinayeza masentimita 35. Kwa amalume, amene ndi aafupi ndipo usiku amavala jekete, n'kotalika pang'ono, koma mphira wa kuthako unauma kale ngati mwala, ndiye tikapeza wina wopyapyala zikhala bwino popanda kudula thabwa.

Chakumadzulo ndiye tinafika pa ntchito yoopsa, yothira Pratley. Cholinga chake n'chakuti thupi la mfuti likhale ndi pogona poumbidwa ndendende ndi maonekedwe ake, polimba, posamva oyilo kapena chinyontho. Kuopsa kwake n'kwakuti ukalakwitsa, chitsulo ndi thabwa zimamatirirana mpaka kalekale. Choncho ndinayamba ndachotsa chokhethemulira, n'kutseka timabowo tonse ndi timipata ta m'chitsulo ndi phula, kuti Pratley asalowemo n'kukola. Kachitsulo kotsamira thabwa kaja ndinakamata tepi kutsogolo, m'mbali ndi pansi, kumbuyo kokha n'kusiya poyera, popeza ndi kumbuyoko kumene kuyenera kugunda molimba. Paipi ndinaikulunga tepi malo amodzi kutsogolo kuti ikhale pakatikati pa ngalande. Kenaka polishi wa nsapato, chitsulo chonse, mabawuti omwe, kupaka n'kupukuta, kupakanso. Amalume anafunsa ngati polishi yemweyo angakwanire. Ndinawauza kuti akwanira, bola pasatsale ngakhale kamalo kamodzi kosapakidwa, ndipo ndinawapatsa kuti ayang'ane okha ndi magalasi awo.

Pratley amene ndinatenga ndi wochedwa kuuma. Wofulumira uja sapereka mpata wokonza chimene chakhota. Ndinasakaniza, n'kupaka pamene ndinasema paja ndi pansi pa bawuti ya kumbuyo, n'kutsitsa chitsulo pang'onopang'ono. Mabawuti ndinangowalowetsa kuti aongolere, osamanga mwamphamvu, chifukwa kumanga kwambiri kumapinda thupi la mfuti ndipo pogona pake pamaumbika mokhota momwemo. Chogwira zonse pamodzi ndi mphira wa chubu. Zotuluka m'mbali ndinazipukuta zisanaume.

Ndikulemba izi mfuti ili m'chipinda cha amalume, yogonekedwa pa tebulo, chitseko chokhoma. Ndigona konkuno. Mawa masana tidzailekanitsa, ndidzayeretsa timabowo ta mabawuti kuti asakhudze m'mbali, kenaka ndidzapaka vanishi wopyapyala m'ngalande monse, pansi pa mphira wa kuthako ndi paliponse pamene thabwa lili poyera, chifukwa kumapeto kwa mizere ndi kumene chinyontho chimalowera msanga. Kunja amalume akufuna kuwale ngati kabati. Ine ndikuti mafuta a linseed opaka ndi dzanja, chifukwa chonyezimira chimaterera m'manja a thukuta ndipo chimaonekera patali kukakhala mwezi. Sitinagwirizanebe.

Kuyesa kudikira Pratley alimbe kwa masiku angapo. Tasankha kale malo, kuseri kwa munda kumene kuli chulu chachikulu choti chigwire zipolopolo, ndipo amalume akadziwitsa amfumu ndi anthu oyandikana nawo tsiku lisanafike. Pepala limene tidzalase tidzalemba deti n'kulisunga. Lina tidzalasa mu Febuluwale mvula ili pakati, pa mtunda womwewo ndi zipolopolo za mtundu womwewo, kuti tidzaziike pamodzi. Ndawapemphanso kuti kuyambira tsopano oyilo azithira wochepa, ndipo akaisunga aziimika kamwa pansi.