Kaboti ka ku Monkey Bay ndakamvera ku Joni

Abale, Joni ilibe nyanja, koma lero pa lanchi takangana za maboti! Mdala wina wa kuntchito, yemwe anali msilikali wapamadzi ku Simon's Town, wandionetsa chithunzi pafoni: kaboti kotuwa, kotalika mamita ngati 9 basi, mfuti ili tcheru kutsogolo. Akuti ndi Namacurra, kolondera padoko kuti munthu asayandikire zombo zikuluzikulu mwachisawawa.

Ine phwete kuseka: "Bambo, aka si kothamangitsira asodzi a usipa?" Iwo osaseka. Amvekere, "Mwanawe, dziko lino linapatsa Malawi kaboti kamodzi kotere mu 1988."

Manyazi bwanji! Ndakulira ku Mangochi, Monkey Bay kumene kuli asilikali athu apamadzi n'pakhomo, koma nkhaniyi ndikuimvera kuno. A ku Monkey Bay, ndani anakaonapo?