Lachitatu: pampu yotentha ndi 86 wondichititsa manyazi

Lero ndinadzuka mochedwa, ndipo potulutsa njinga ndinapeza tayala lakumbuyo laphwa. Ndinatenga pampu n'kuyamba kupopa mwaukali, maso ali pa wotchi. Pomaliza ndinagwira kumunsi kwa pampuyo kuti ndichotse kapaipi, chala n'kuthawa chokha. Kunali kotentha ndithu, pomwe kumtunda, kufupi ndi chogwirira, kunali kozizira bwinobwino. Zaka zonsezi ndimangoti chimatenthetsa pampu ndi labala wa m'kati amene amakhulana ndi chitsulo. Koma labalayo amayenda pampu yonse, kukwera ndi kutsika. Nanga bwanji kumatentha mbali imodzi yokha? Funsoli ndinapalasa nalo mpaka m'kalasi.

Mwamwayi, phunziro la fizikisi lero linali lomwelo. Aphunzitsi analemba pa bolodi mawu akuti adiabatic, n'kunena kuti ndi kupanikiza kapena kufutukula mpweya popanda kutentha kulikonse kolowa kapena kotuluka kudzera m'makoma a chotengera (kutenthako amakulemba ndi chilembo Q). Q ndi 0. Ine mumtima ndinati ndiye kuti madigiri sasintha. Apa ndi pomwe ndakhala ndikusokonekera, chifukwa mpweya ukhoza kutentha popanda moto. Dzanja likakankha pisitoni limagwira ntchito, ndipo mphamvu ya ntchitoyo ikasowa potulukira imatsalira mu mpweya momwemo. Aphunzitsi anayerekeza ndi mpira: ukagunda khoma loima umabwerera ndi liwiro lomwe unabwera nalo, koma ukakumana ndi phazi lomwe likubwera kudzaumenya umabwerera mothamanga kwambiri. Timamolekyu ta mpweya ndi mpirawo, pisitoni yotsika ndi phazilo. Timamolekyu tikathamanga kwambiri, madigiri akwera.

Kenako anatipatsa samu. Mu injini ya dizilo, mpweya wa madigiri 27 wapanikizidwa mpaka kutsala pa malo ochepa ka 18 poyerekeza ndi poyamba. Utentha kufika pati? Lamulo lake ndi lakuti T (madigiri a mpweyawo) kuchulukitsa ndi V (kukula kwa malo amene uli) ya pawa γ − 1 sizisintha, ndipo γ ndi nambala yodalira mtundu wa mpweya: wa mpweya umene timapumawu ndi 1.4 (wa helium ndi argon ndi pafupifupi 1.67). Choncho 18 wa pawa 0.4 amapereka 3.18. Ndinachulukitsa 27 ndi 3.18, ndinapeza 86, n'kukweza dzanja msangamsanga ngati munthu wodziwa zinthu.

"Inu," anatero aphunzitsi atayang'ana m'kope langa, "madigiri 86 ngakhale madzi sawira. Dizilo wanuyo ayaka bwanji?"

Kalasi yonse inafa ndi chiseko. Ndinaiwala kusintha madigiri kukhala ma kelvin (K), muyeso umene lamuloli limafuna, poonjezera 273 pa 27 uja. Zoyenera ndi 300 kuchulukitsa ndi 3.18, zomwe ndi pafupifupi 953 K, kapena madigiri 680. Pamenepo dizilo akangopoperedwa amayaka yekha, n'chifukwa chake injini imene Rudolf Diesel anaiyendetsa bwino mu 1897 sifuna mapulagi othethekera moto ngati ya petulo. Presha nayo sikwera ka 18 kokha monga mmene zikanakhalira mpweyawo ukanapanda kutentha, imakwera pafupifupi ka 57. Manyaziwo andithandiza, kelvin sindidzamuiwalanso.

Masana ndinakoka mnzanga kupita pomwe ndinasiya njinga. Iye anaumirira kuti nkhani ya pampu ndi kukhulana basi. "Aise, popa wekha uone," ndinamuuza. Anapopa ka 30 kapaipi kali pamtunda, mpweya ukungotuluka, ndipo pampu inangofunda pang'ono kwambiri. Titailumikiza ku tayala lolimba kale, anapopa ka 30 komweko, kumunsi kunatentha. Labala yemweyo, ulendo womwewo, chasintha ndi kupanikizika kwa mpweya. Tinawerengera pa foni kuti presha ikakwera kanayi, mpweya wa 300 K umafika pa 446 K, omwe ndi madigiri 173. Mnzangayo anafunsa chifukwa chake dzanja silipsa. Mpweya wa m'pampu ndi wochepetsetsa kulemera kwake poyerekeza ndi chitsulo, ndiye kutentha kwake kukagawikira m'chitsulomo kumatsala kongofunditsa.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya nthawi. Pampu ilibe chotchingira kutentha chilichonse, ndi chitsulo wamba. Imayandikira ku adiabatic kokha chifukwa timakankha mofulumira, kutentha kusanapeze mpata wothawa. Ukakankha pang'onopang'ono ngati wodwala, kutenthako kumadontha m'makoma ukukankha komweko, ndipo madigiri sakwera kwenikweni. Ngakhale Isaac Newton anapunthwa pomwepa. Powerengera liwiro la phokoso mu mpweya, njira yake inali ngati ya mpweya wosasintha madigiri, ndipo imapereka mamita pafupifupi 280 pa sekondi pa madigiri 0, pomwe zenizeni ndi 331. Anadzakonza ndi wasayansi wina, Laplace, mu 1816, pozindikira kuti phokoso likamadutsa, mpweya umapanikizika ndi kufutukuka kutentha kusanasamuke. Ukachulukitsa 280 ndi sikweya ruti ya 1.4, ukupeza 331 uja. Nditamva zimenezi, 86 wanga anasiya kundipweteka kwambiri.

Pobwerera ndinayang'ana mitambo ndi maso ena. Mpweya ukamakwera kumwamba umapeza presha yochepa, umafutukuka, ndipo pokankha mpweya wina wouzungulira umawononga mphamvu yake yomwe. Wouma umazizira ndi madigiri pafupifupi 9.8 pa kilomita iliyonse, mpaka chinyezi chake chitasanduka timadontho.

Usiku uno ntchito ya kunyumba inanditchera msampha, ndipo ndinatsala pang'ono kukodwanso. Botolo lina muli mpweya, lina ndi lopanda kanthu konse, onse ndi otchingidwa bwino, kenako watsegula mpopi wa pakati. Ndinali nditalemba kale kuti mpweyawo uzizira, poti ukufutukuka ndipo Q ndi 0. Ndinaima cholembera chili m'manja. Ukukankha chiyani? Kulibe pisitoni, kulibe mpweya wina woti usunthidwe, ndiye palibe ntchito imene yagwiridwa. Kwa ideal gas, mpweya wongoyerekeza umene timamolekyu take sitikokana, madigiri amakhala pomwepo, ndipo lamulo la γ lija siligwira ntchito pano. James Joule anayesa zimenezi mu 1845 ndi mabotolo awiri omizidwa m'madzi, ndipo sanaone kusintha kwa kutentha kwa madziwo. Ndafufuta yankho loyamba mpaka pepala latsala pang'ono kubooka.

Ndangotuluka kumene kukatseka chitseko, ndipo ndadina tayala lija ndi chala. Layambanso kufewa. Mawa ndiyenera kudzuka 5 koloko, ndichotse chubu, ndichimize m'beseni la madzi kuti ndione pomwe pakutuluka thovu.